Nambala 15, bondo langa, ndi kalata imene sindinasaine

Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndipo ndipepeseretu kwa inu amene mumadikira nkhani ya kumudzi kapena ya chikondi. Ine ndabwera ndi nkhani ya mayi wina wa ku Australia amene sindinakumanepo naye, amenenso sadziwa n'komwe kuti ndiliko. Dzina lake ndi Lauren Jackson, wosewera mpira wa basketball. Musathawe msanga, chifukwa nkhaniyi ikuyambira patebulo la m'nyumba mwanga.

Mu September 2022 mwana wanga wamkazi, chisamba changa, anabwera ndi kalata. Anali ndi zaka 13. Mphunzitsi wina wa timu ya atsikana ya m'tauni mwathu muno anamuona akuyenda pamsewu, nam'funsa ngati anagwirapo mpira wa basketball. Mwanayo ndi wamtali, kutengera ine, make mbuu mwana mbuu. Kalatayo inkangofuna chinthu chimodzi: kholo lisaine kuti lavomera kuti mwana azipita kokonzekera masewero Lachitatu ndi Loweruka. Ndinaiwerenga, n'kuipinda, n'kuiika pansi pa nsalu ya patebulo. Ndinamuuza kuti, "Tiona." Nonse amene munakulira m'manja mwa amayi a Chimalawi mukudziwa tanthauzo la "tiona".

Chimene mwanayo sankachidziwa bwinobwino n'chakuti inenso ndinasewerapo mpira umenewu. Ndinabadwa mu 1981. Ndili ku pulayimale anzanga ankanditcha Nsungwi, ena Mlongoti, ndipo ndinaphunzira kuyenda chowerama kuti ndifanane ndi anthu. Ku sekondale yogonera komweko ndi kumene sisitere wina anandigwira dzanja, n'kundiimika pansi pa chitsulo cha chigoli, nati, "Iwe, msinkhu umenewu si wobisa." Kwa nthawi yoyamba utali wanga unakhala chinthu chabwino. Ndinasewera zaka zonse za sekondale, kenako mu timu ina ya m'tauni. Tinkasewera pa simenti yong'aluka, nsapato za pa kaunjika, malipiro ake botolo la zoziziritsa kukhosi ndi ndalama ya minibasi. Koma ndikuuzeni zoona, sindinakhalepo wamoyo ngati masiku amenewo.

Mu 2003 ndinalumpha kulanda mpira, ndipo potera bondo lakumanja linalira ngati nkhuni youma. Kuchipatala anandimanga bandeji, n'kundipatsa mankhwala opha ululu, n'kundiuza kuti ndikapume. Ndinapumadi, mpaka lero. Bondolo limatupa kukazizira, ndipo pokwera masitepe limandikumbutsa kuti lilipo. Palibe amene ananditsanzika, palibe amene anandiimbira foni patatha mwezi umodzi. Jezi yanga anapatsa wina. Ndinakwatiwa, ndinapeza ntchito, nkhani ya mpira n'kuitsekera m'sutikesi limodzi ndi zithunzi zake.

Ndiye tsiku lina Loweruka, pa 1 October 2022, kalata ija ili pansi pa nsalu sabata yachitatu, ndinali pabedi madzulo ndikuseweretsa foni. Ndinkakonda kutsatira nkhani za Mwawi Kumwenda wathu, amene nthawi imeneyo ankasewera ntchemberembaye ku Melbourne Vixens, ndipo chifukwa cha zimenezo foni yanga inazolowera kundibweretsera zamasewero za ku Australia. Tsiku limenelo inandibweretsera kanema wa basketball. Unali mpikisano wa dziko lonse wa amayi, womwe unkachitikira ku Sydney, ndipo Australia inkalimbirana malo achitatu ndi Canada. Ndinaona mzimayi wamtali, tsitsi loyera, nkhope yoti mwana ukaiona ungati "anti" osati "sisi", akumwetsa chigoli pambuyo pa chigoli. Australia inapambana 95 kwa 65, ndipo mapointi 30 mwa amenewo anali a iye yekha. Kwa inu amene munazolowera ntchemberembaye, mu basketball muli osewera asanu mbali iliyonse, masewero amatenga mphindi 40, ndipo chigoli chimawerengedwa mapointi awiri, kapena atatu ukaponyera patali. Kupeza mapointi 30 pa mpikisano wotere ndi ntchito yoti ngakhale mtsikana wa zaka 25 amakaisimba kwawo. Wolengeza uja anatchula zaka zake: 41. Ndinadzuka n'kukhala tsonga. Anabadwa pa 11 May 1981. Ine ndi iye ndife a chaka chimodzi.

Usiku umenewo bandulo inathera pa mayi ameneyu, ndipo masiku otsatira ndinawerenga chilichonse chimene ndikanapeza.

Lauren Jackson anabadwira ku Albury, tauni ya m'chigawo cha New South Wales, m'mbali mwa mtsinje wa Murray. Bambo ake, a Gary, ndi mayi ake, a Maree, onse anasewerapo basketball m'matimu a dziko lawo. Mayi akewo anakaseweranso ku sukulu yaukachenjede ya Louisiana State ku America, ndipo ankavala nambala 15. Mwana atakula anatenga nambala yomweyo, n'kuivala zaka zambiri za moyo wake wampira. Apa pokha ndinaima kaye. Mayi kusiyira mwana nambala ngati mmene ena amasiyirana mtondo ndi munsi. Ine mwana wanga sankadziwa ngakhale nambala imene ndinkavala.

Akadali mtsikana wa zaka za m'ma 15 ndi 16 anachoka pakhomo kupita ku Canberra, ku Australian Institute of Sport, malo amene boma lawo linakhazikitsa kuti achinyamata aluso aziphunzira uku akusulidwa pamasewero, madokotala ndi aphunzitsi ali pomwepo. Anatalika mpaka masentimita 196. Mu 1998, ali ndi zaka 17, anali kale mu timu ya dziko, imene amaitcha Opals, ndipo anabwera ndi mendulo yamkuwa kuchokera ku mpikisano wa dziko lonse ku Germany. Mu 1999 timu ya atsikana a pasukulupo, iye akutsogolera, inatenga chikho cha ligi yaikulu ya amayi ku Australia, ya WNBL, kugonjetsa matimu a akuluakulu. Taganizani ana a sukulu kutenga ligi pamaso pa amayi awo.

Chaka cha 2000 masewero a Olympics anachitikira ku Sydney, kwawo. Australia inafika mu ndime yomaliza, n'kukumana ndi America. Anagonja, natenga mendulo yasiliva, koma pali kanthu kena kamene anthu sakuiwala mpaka lero. Polimbirana mpira, zala za Lauren, kamtsikana ka zaka 19, zinakola tsitsi loikirira la Lisa Leslie, katswiri wamkulu wa America nthawi imeneyo, tsitsilo n'kugwa pansi anthu onse akuona. Amayi a m'gulu muno mukudziwa kuti nkhani ya mesh kugwa pagulu si yothera pomwepo. Awiriwa anakhala opikisana kwambiri kwa zaka zambiri.

Mu 2001 timu ya Seattle Storm ya mu ligi ya WNBA ku America inamusankha kukhala woyamba mwa osewera onse atsopano a chaka chimenecho. Chaka chotsatira kunabwera Sue Bird, wamfupi pomuyerekeza ndi iye, wodziwa kugawa mpira, ndipo awiriwa anagwirizana ngati mphika ndi chivundikiro. Anatenga chikho cha WNBA mu 2004 ndi mu 2010. Lauren anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligiyo katatu: 2003, 2007 ndi 2010. Mlendo, m'dziko limene basketball inabadwira. Chimene chinkavuta adani ake n'chakuti munthu wamtali chotero amayenera kuima pansi pa chigoli kudikira mpira, koma iye ankathanso kutuluka kunja n'kuponya za mapointi atatu. Ukam'patsa wamtali kuti amulondere, ankam'thawira kunja. Ukam'patsa wamfupi, ankam'kankhira m'kati.

Mu 2006 anatsogolera Opals kutenga golide pa masewero a Commonwealth ku Melbourne, kenako golide pa mpikisano wa dziko lonse ku Brazil, atagonjetsa Russia mu ndime yomaliza. Koma golide wa Olympics anam'kana. Ku Athens mu 2004, siliva. Ku Beijing mu 2008, siliva. Maulendo atatu otsatizana kufika pa khomo, maulendo onse atatu America n'kutseka chitseko. Ku London mu 2012 ndiye amene ananyamula mbendera ya dziko lake pa mwambo wotsegulira, ndipo anabwerako ndi mendulo yamkuwa.

Ndikanakhala munthu wolongosoka, ndikanawerenga zonsezi n'kukatenga cholembera. Koma ine ndinapitiriza kuwerenga mpaka ndinapeza chimene mtima wanga unkafuna: mabala.

Ligi ya WNBA imaseweredwa miyezi yochepa, kuyambira cha mu May mpaka cha mu September, ndipo malipiro ake masiku amenewo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a amuna. Choncho akatswiri aakazi ligi ikatha sankapuma. Ankakwera ndege kukasewera kwina kumene kunali ndalama. Lauren anasewera ku South Korea, ku Russia mu timu ya Spartak, ku Spain, ku China, komanso kwawo mu Canberra Capitals, kuphatikizapo timu ya dziko. Chilimwe mpira, dzinja mpira, chaka ndi chaka. Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Akakolo, msana, chiuno, mtsempha wa ntchafu, zonse zinayamba kudandaula, maopaleshoni n'kumatsatizana. Ku Seattle anasewera komaliza mu 2012. Bondo limene linavulala ali ku China linakana kuchira. Pa 31 March 2016, miyezi yochepa masewero a Olympics a ku Rio asanayambe, anaima pamaso pa atolankhani ku Canberra, anzake a mu Opals ali pambali, n'kulengeza misozi ili m'maso kuti wasiya. Anali ndi zaka 34. Chaka chomwecho a Seattle Storm anapachika jezi ya nambala 15 kudenga la bwalo lawo, kutanthauza kuti palibenso wa timuyo amene adzaivale. Iye mwini wakhala akunena poyera kuti zaka za ululu zimenezo zinamusiya akudalira mankhwala amphamvu opha ululu ndi ogonetsa, ndipo kuwasiya inali nkhondo ina payokha.

Ndinamuitana mwana wanga, n'kumuonetsa foni. "Waona? Uyu anali ndi madokotala a dziko lonse, koma taona mmene anathera. Nanga iwe pa simenti yathu ino, ukathyoka akuone ndani?" Ndinam'kumbutsanso za Mwawi, kuti bondo lake litavulala mu 2018 anachira n'kudzatenga chikho ndi Vixens mu 2020 chifukwa anali ku Melbourne, osati kuno. Mwanayo anayang'ana kanemayo mpaka kumapeto, kenako anati, "Komatu Amayi, apapa akusewera." Ndinamuuza kuti akatsuke mbale. Kalata ija inakhala pansi pa nsalu mpaka tsiku lina ndikuchapa nsaluyo ndinaitaya. Iye sanafunsenso.

Komatu mwanayo ankanena zoona: mayiyo ankasewera. Mbali imeneyi ya nkhani ndinkaidumpha dala. Atasiya mpira, Lauren anabwerera kwawo ku Albury. Anabereka ana awiri aamuna, mu 2017 ndi mu 2018. Anagwira ntchito ku bungwe loyendetsa basketball m'dziko lawo, kuyang'anira za amayi. Mu 2021 analowetsedwa mu Naismith Hall of Fame ku America, kumene amalemba mayina a akatswiri a mpirawu a nthawi zonse, ndipo anali wosewera woyamba wa ku Australia kulandira ulemu umenewu. Kunena kwina, anali ataikidwa kale m'buku la mbiri yakale. Ululu wa m'thupi unayamba kuchepa atayamba kulandira mankhwala opangidwa kuchokera ku chamba, olemberedwa ndi dokotala. Anyamata a m'gulu muno musaombe m'manja, si chosuta cha kuseri kwa nyumba chija, ndipo kuti aseweretu anachita kupempha chilolezo kwa oona za mankhwala pamasewero. Atapeza mpumulo anayambanso kuchita majowajowa, ndipo mu 2022 anavala jezi ya timu ya kwawo, Albury Wodonga Bandits, ya mu ligi yaing'ono. Bwalo limene timuyo imasewerera linali litatchedwa kale dzina lake. Tangoganizani kulowa m'nyumba yolembedwa dzina lako pakhomo, uli ndi zaka 40, osadziwa ngati miyendo ivomere, ana a anzako ali m'mipando kuonerera. Akanatha kuchita manyazi pamaso pa tauni yonse. Timuyo inatenga chikho, aphunzitsi a Opals n'kumuitana, mpaka tsiku lija la mapointi 30.

Kenako kunabwera February 2023. Lauren anali atalowa timu ya Southside Flyers ya ku Melbourne, ndipo anakonza masewero apadera omulemekeza pa bwalo la John Cain Arena, anthu oposa 7,000 atadzaza. Mpira utangoyamba, patangotha ngati mphindi imodzi, anavulala. Mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene unali utang'ambika. Anthu onse aja anangoti zii.

Ndichite manyazi pamaso panu: nditaona nkhaniyo, kamtima kena m'kati mwanga kanasangalala. Ndinapita kuchipinda kwa mwana wanga foni ili m'manja ngati wapolisi amene wapeza umboni. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, iye atakhala pansi akupukuta nsapato zimene ine sindinagule. Nsapato zazitali m'kakolo, za basketball, zakutha pang'ono kumphuno. Ndinazizindikira nthawi yomweyo, chifukwa fungo la labala wopsa ndi simenti sindingaliiwale. Zinapezeka kuti kwa miyezi inayi, "maphunziro apadera a masamu" a Lachitatu ndi Loweruka ankachitikira pabwalo la mpira. Kalata ina anasaina bambo ake. Nsapatozo anagula ndi iwo pa kaunjika.

Ndinakalipa mpaka mawu kusasa. Ndinamuonetsa Lauren akumutulutsa m'bwalo. Ndinakweza chitenje kumuonetsa bondo langa. Iye analira, koma atapukuta misozi ananena mawu amene mpaka lero amandibaya: "Amayi, inu simukuopa bondo langa. Mukulirabe lanu." Kwathu mwana sayankha kholo chotero. Ndinakweza dzanja, koma linatsika lokha. Usiku umenewo bambo akunyumba anangoti, "Mayi, mwanayu tikam'letsa azipitabe, koma azipita yekha. Musankhe." Sindinawayankhe, ndipo kwa masiku angapo m'nyumba munkangomveka masipuni.

Sindinamuletsenso, koma sindinavomerenso. Ankapita, n'kubwera, ine osafunsa kuti zayenda bwanji. Jezi yake ankachapa yekha, n'kuyanika kuseri kwa nyumba. Zinakhala choncho chaka ndi theka. Ndikamalemba pano ndi pamene ndikuona kutalika kwa nthawi imeneyo: mwana kukula masentimita angapo, kuphunzira kuponya ndi dzanja lamanzere, kugonja, kupambana, mayi ake ali m'nyumba yomweyo osadziwa kanthu.

Nkhani za Lauren ndinkaziwerengabe mwakabisira, monga mmene mwana wanga ankachitira ndi mpira wake. Anam'chita opaleshoni, anayenda ndi ndodo, n'kubwereranso. Mu March 2024 Southside Flyers inatenga chikho cha WNBL iye ali m'bwalo, patatha zaka 25 chitengereni chikho chake choyamba cha ligi yomweyo. Anathandiza Opals kupeza malo ku Olympics ya ku Paris, n'kunena kuti iye sapita nawo chifukwa ana ake ankamufuna pakhomo. Pambuyo pake zinakonzeka, ndipo ali ndi zaka 43 anapita ku Olympics yake yachisanu, patatha zaka 12 chichokereni ku London. Mu timu imeneyo munali atsikana monga Jade Melbourne ndi Isobel Borlase, amene anali asanabadwe pamene iye ankalimbana ndi Lisa Leslie ku Sydney. Mphunzitsi wa timuyo, Sandy Brondello, anali mnzake amene ankasewera naye limodzi mu Opals kalelo.

Masewero oyamba Australia inakumana ndi Nigeria mumzinda wa Lille, ndipo atsikana a ku Nigeria, motsogozedwa ndi mphunzitsi wawo wamkazi Rena Wakama, anapambana 75 kwa 62. Tsiku limenelo ndinasokonezeka, osadziwa kuti ndisangalalire abale athu a mu Africa kapena ndimvere chisoni mnzanga wa chaka chimodzi. Ndikuonera zidutswa za masewerowo pafoni, ndinamva munthu akupuma kumbuyo kwanga. Anali mwana wanga. Anati, "Amayi, taonani mmene akutsekera a Nigeria, sakuwapatsa mpata wopumira." Ndinasendera pampando, iye n'kukhala. Aka kanali koyamba kuti ine ndi iye tikambe za mpira popanda kukangana. Ndinadabwa kuti mwanayo amauwerenga mpira kuposa mmene ine ndinkauwerengera pa msinkhu wake.

Australia inadzuka, inafika mu semifainolo, n'kugonjanso kwa America, mdani yemwe uja. Lamulungu pa 11 August 2024 inakumana ndi Belgium kulimbirana mendulo yamkuwa. Tinaonera limodzi. Ine maso anga anali pa benchi, kudikira kuti Lauren avule jekete. Ndinkafuna zija za ku Sydney zibwerezedwe, mayi wa zaka 43 awaonetse ana kuti mpira ndi chiyani. Gawo loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Masewero anali othina, ndipo Sandy Brondello sanamuitane mnzake wakaleyo ngakhale mphindi imodzi. Ndinayamba kung'ung'udza kuti ichi n'chipongwe, munthu wamkulu chotero kum'khazika pansi tsiku lake lomaliza.

Mwana wanga anati, "Amayi, tamuonani nkhope." Kamera ikapita ku benchi, Lauren ankaoneka ataimirira, akukuwa, akuomba m'manja, akulandira atsikana otuluka m'bwalo. Amene ankanyamula timu tsiku limenelo anali Ezi Magbegor, mtsikana wobadwa mu 1999 kwa makolo ochokera ku Nigeria, amenenso nthawi imeneyo ankasewera ku Seattle Storm, pansi pa jezi ija yopachikidwa kudenga. Australia inapambana 85 kwa 81. Mapointi a Ezi anali 30, chimodzimodzi amene Lauren anapeza pa masewero a mendulo yamkuwa zaka ziwiri m'mbuyomo. Wezulo itaimba, mayi uja anathamangira m'bwalo kukakumbatira anawo, n'kulandira mendulo yake yachisanu ya Olympics atavala jekete, osatuluka thukuta.

Ndakhala ndikuganiza chifukwa chimene tsiku limenelo linandigwira mtima kuposa la mapointi 30. Pamene ndinamuona koyamba mu 2022, ndinachita naye nsanje. Anapeza chimene ine sindinachipeze: mwayi wobwerera, n'kumaliza yekha nkhani imene bondo linamudulira pakati. Atavulalanso mu 2023 ndinam'sandutsa chikwapu chokwapulira mwana wanga. Maulendo awiri onsewo ndinkayang'ana iye koma ndikuona ine ndemwe. Ku Paris ndi kumene ndinaona chinthu chimene sindinachiganizirepo, kuti munthu angathe kukonda mpira ngakhale mpirawo uli m'manja mwa wina. Ine chivulalireni mu 2003 sindinapondenso pabwalo lililonse, ngakhale kukaonerera. Ndinkati ndikapanda kusewera ine, mpirawo kulibe. Ndipo mwana wanga atabwera ndi kalata ija, mantha a bondo analipo ndithu, sindikana, koma pansi pake panali china chonyansa: sindinkafuna kukhala pambali n'kumaona wina akuchita chimene ine ndinalandidwa, ngakhale winayo ndi mwana wobala ndekha.

Sindikunena kuti mantha aja anali opanda pake. Simenti yathu ndi yomwe ija, ndipo mtsikana akaduka mtsempha kuno alibe Canberra yoti athamangireko. Thupi la Lauren Jackson lalipira mtengo waukulu, ndipo mbali ina ya mtengowo inabwera chifukwa chakuti amayi ankalipidwa zochepa moti ankayenera kusewera chaka chonse osapuma. Zimenezo si zoombera m'manja. Koma ndinazindikira kuti kukana kwanga sikunam'teteze mwana ku simenti. Kunangom'chotsera munthu mmodzi m'nyumba muno amene akudziwa mmene bondo limathyokera, amene akanamuuza kuti potera uzipinda maondo, usatere ndi mwendo umodzi wowongoka, ukamva kuwawa usabise poopa kutaya malo mu timu. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo ndinazisunga m'sutikesi chaka ndi theka.

Loweruka lotsatira ndinadzuka m'mamawa, n'kutsegula sutikesi ija. Ndinatulutsa chithunzi cha timu yathu ya ku sekondale, n'kuchiika patebulo pamene kalata ija inagona. Mwanayo anachiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Amayi, munali nambala 9?" Kenako anaseka masokosi athu. Nditamuuza kuti ndim'perekeza, sanayankhe kanthu, anangonditengera chikwama.

Pabwalopo palibe benchi yeniyeni, pali thabwa lokhazika pa njerwa. Mphunzitsi wawo, mnyamata woti ndingam'bereke, anabwera kudzandipatsa moni mwaulemu, manja awiri, nati, "Mayi, tinkamva kuti munkasewera." Ndinati zimenezo n'zakale. Mpira utayamba ndinalonjeza mumtima kuti ndikhala chete ngati kholo laulemu. Sipanathe mphindi zisanu ndinali nditaimirira, ndikukuwa kuti abwerere msanga kukatseka. Mwana wanga anagwa kamodzi, chigongono n'kusupuka, ndipo mtima wanga unaima. Anadzuka, n'kundiyang'ana, ine n'kumukodola kuti pitiriza. Sindikudziwa ngati iye anaona kuti manja anga ankanjenjemera.

Pano Loweruka lililonse ndimakhala pa thabwa lija ndi chigubu cha madzi, malalanje odula ndi bandeji m'chikwama. Atsikana a timuyo amanditcha "Amayi a timu", ndipo asanayambe ndimawaimika pamzere kuwaphunzitsa katerede. Jezi ya mwana wanga si 15, si 9, ndi imene inatsala pogawana, ndipo akuti saisintha. Tsopano imayanikidwa kutsogolo kwa nyumba. Sindikudziwa ngati adzafike patali ndi mpirawu, mwina adzausiya yekha mawa lino n'kutsata zina. Chaka ndi theka chija sindingachibwezenso, ndipo ndinam'pepesa, chinthu chimene amayi anga sakanachita kwa ine.

Tsiku lina masewero atatha, atsikana anandiponyera mpira kuti ndiyese. Ndinakana kawiri, kachitatu n'kuvula masilipasi. Ndinaima pa mzere woponyera, bondo likudandaula, n'kuponya. Mpira sunafike n'komwe pa chitsulo. Anaseka mpaka kugwa pansi, mwana wanga ndiye ankatsogolera. Ndinawauza kuti andipatsenso.

Ngati m'nyumba mwanu muli kalata ina pansi pa nsalu ya patebulo, kaitulutseni muiwerengenso usiku uno.